KHATE LA M'NYUMBA

Amene tinakulira m'mapiri a Mvera, a Dowa ndi a Ntchisi timalidziwa fungo la mwezi wa Febuluwale. Mvula ikagwa sabata yathunthu osakata, nkhungu ndi kuphimba mapiri mpaka dzuwa litakwera, m'nyumba mumayamba kumveka kafungo ka chinyontho, konga ka thumba limene lakhalitsa pansi. Lamulungu m'mawa bambo atsegula sutikesi kuti atenge jekete la ku tchalitchi, napeza lachita mawanga otuwa paphewa. Nsapato zimene zinali pansi pa kama zamera ubweya wobiriwira. Mayi asuntha kabati, naona khoma litada kuyambira pansi kulekeza m'chiuno. Tonsefe timangokuntha jekete, kupukuta nsapato, ndi kunena kuti, "Ndi nyengo yake, dzuwa likawala zidzatha." Pamenepo n'kuti mwana wamng'ono atatsokomola usiku wonse, koma palibe amene aganiza kuti khoma lija ndi chifuwa chija zili pachibale.

Nkhani imeneyi siyachilendo kwa owerenga Mau a Mulungu. Kuno ku Mvera, kumene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anafika pa 28 Novembala 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere, ndi kumenenso Mbusa W.H. Murray ndi anzake anagwirako ntchito yomasulira Buku Lopatulika pa phiri la Kaso, buku limene linasindikizidwa m'chaka cha 1922. M'buku lomwelo, pa Levitiko 14, muli lamulo limene ambiri a ife timalilumpha powerenga, lonena za khate logwira makoma a nyumba. Mwini nyumba akaona mawanga obiriwira kapena ofiirira pakhoma, anayenera kukauza wansembe. Katundu ankamutulutsa, nyumba ankaitseka masiku 7. Mawanga akapezeka atafalikira, ankagumula miyala imene yagwidwa ndi kukaitaya kunja kwa mudzi, kupala makoma onse, kuika miyala ina ndi kumatanso. Akabweranso mawangawo, nyumba yonse ankaigwetsa. Ophunzira Mau ambiri amaganiza kuti khate la makomali ndi chimene ife titcha chuku. Tsono ngati ana a Israyeli analamulidwa kusamala chotere, kodi ife tili ndi chifukwa chanji chochiyesa chinthu chachabe?

CHUKU N'CHIYANI?

Chuku ndi chamoyo, ndipo ndi mbale wake wa bowa amene timazula m'thengo mvula ikagwa. Chimabala timbewu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, timene timauluka mu mpweya ngati fumbi. Timbewu timeneti tili ponseponse, m'munda, m'khola, pamsewu ndi m'nyumba ya munthu aliyense, ndipo palibe tsache limene lingatichotse tonse. Koma sitingamere popanda madzi. Tikagwera pouma timangokhala. Tikagwera ponyowa, pamene pali chakudya monga fumbi, nsalu, chikopa, pepala, thabwa, udzu kapena chimanga, timamera m'masiku awiri kapena atatu okha, ndipo posachedwa timabala timbewu tina tosawerengeka.

Chomwecho muzu wa vutoli ndi chinyontho. Madzi amalowa m'nyumba zathu m'njira zambiri: denga la udzu limene lapyapyala, malata obooka pa misomali, madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, ndi madzi a m'nthaka okwera m'njerwa pamene maziko anamangidwa popanda pepala la pulasitiki. Enanso timawapanga tokha, poyanika zovala m'chipinda chogona, pophika m'nyumba motseka, ndi pogona anthu ambiri m'kachipinda kopanda zenera. Usiku malata akazizira, mpweya wa m'nyumba umasanduka madontho kunsi kwake, ndipo m'mawa timadabwa kuti bulangeti lanyowa pamene mvula sinagwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ikamaomba ndi mawawa, ambiri timatseka tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa mazenera ndi nsanza, ndipo timaiwala kuchotsa nsanzazo mpaka dzinja litatipeza.

ZIMENE CHIMACHITA M'CHIFUWA

M'chaka cha 2009 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo onena za chinyontho ndi chuku m'nyumba. Litasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri, linanena kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho amavutika kawirikawiri ndi chifuwa, chimfine, kubanika, matenda a m'njira za mpweya ndi mphumu kuposa anzawo okhala m'nyumba zouma. Munthu wamphamvu akhoza kupuma timbewu ta chuku tsiku ndi tsiku thupi lake ndi kumatigonjetsa. Koma khanda, nkhalamba, munthu wa mphumu, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV, khansa kapena shuga, alibe mphamvu zoterozo.

Asatinamize munthu kuti izi ndi za maiko osauka okha. M'mwezi wa Disembala 2020, mu mzinda wa Rochdale ku England, munamwalira mwana wa zaka 2 amene makolo ake ankakhala m'nyumba ya lendi. Makolowo anali atadandaula kangapo za makoma akuda, koma sanathandizidwe. Mu Novembala 2022 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mwanayo anafa ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chopuma chuku nthawi yaitali m'nyumbamo, ndipo m'chaka cha 2023 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lokakamiza mabungwe obwereketsa nyumba kukonza zotere msanga.

Palinso gulu lina la abale athu limene tiyenera kuliganizira mwapadera, ndilo la amene anadwalapo chifuwa chachikulu. Nthendayi ikachizidwa, nthawi zina imasiya mphako m'mapapo. Mtundu wina wa chuku wotchedwa Aspergillus fumigatus, umene umakonda zinyalala zoola, manyowa ndi mbewu zovunda, ukhoza kulowa m'mphakomo ndi kumeramo, mpaka kuumbika ngati kampira. Wodwala amatsokomola miyezi yambiri, amaonda, amatopa msanga, mwina amalavula magazi, koma makhololo ake akayezedwa sapezeka ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu. M'chaka cha 2011 akatswiri anayerekeza kuti anthu pafupifupi 1.2 miliyoni pa dziko lapansi anali ndi vutoli atachira chifuwa chachikulu, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linaika chuku chimenechi m'gulu la zinayi zoopsa koposa pa mndandanda wake wa mitundu 19. Pamudzi munthu wotere timafulumira kunena kuti walodzedwa, kapena kuti sanamalize mankhwala. Kunena zoona mankhwala a nthendayi alipo, ngakhale amamwedwa miyezi yambiri. Choyenera ndi kubwerera kuchipatala, kufotokoza bwino kuti anadwalapo chifuwa chachikulu, ndi kupempha kuti amujambule m'chifuwa.

MPHEPO YA M'MAKINA

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi mavuto a nyumba za kumudzi, ndi kuti mwana wake amene anapita ku tauni anazithawa. Mvera ali pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, ndipo ana athu ambiri atsata msewu umenewu, ena kukwera kumka ku likulu, ena kutsikira kunyanja kumene kumatentha. Amagwira ntchito m'mabanki, m'maofesi, m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu, ena amayendetsa galimoto, ndipo tsiku lonse amapuma mpweya wochokera m'makina oziziritsa, amene ambiri amawatcha eyakoni. Chipinda chotere chimaoneka chaukhondo, mazenera ali chitsekere, fumbi la pamsewu silifikamo. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tione m'mene makinawa amagwirira ntchito. Tonse tinaonapo botolo la madzi ozizira likuchita thukuta patebulo tsiku lotentha. M'kati mwa makina muli timapaipi tozizira, ndipo mpweya wofunda wa m'chipinda ukamadutsa pa timapaipito umasiya madzi ake pomwepo monga pa botolo paja. Madziwo amagwera m'kambale kamene kali pansi, ndipo amatuluka kunja kudzera m'kapaipi kena. Kutsogolo kuli sefa yogwira fumbi. Zonse zikakhala m'malo mwake, makinawa amaumitsa mpweya ndipo amathandiza kuchepetsa chuku. Koma sefa ikadzaza, kapaipi kotulutsa madzi kakatsekeka ndi litsiro, kapena makina akaikidwa mopendekera kolakwika, madzi amadikha m'kati. Pamenepo muli mdima, muli madzi, muli fumbi, ndipo magetsi akazima mumafundanso. Chuku sichifuna china choposa apa. Makina akayatsidwanso, chikupiza mphepo chimauzira timbewu tija kumaso kwa onse okhala m'chipindamo, ndipo popeza mazenera ndi otseka, mpweya womwewo umazungulira kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Izi zachitikadi. Mu Juni 2025 bungwe la boma la America loteteza ogula katundu linalengeza kuti kampani ya Midea ikuitanitsa makina oziziritsa a pazenera pafupifupi 1.7 miliyoni, chifukwa madzi sankatuluka msanga m'kati mwake ndipo ankameretsa chuku. Panali madandaulo 152 a chuku m'makinawo, ndipo 17 mwa iwo anali a anthu amene anadwala chifuwa, zilonda za pakhosi, kuyetsemula ndi matenda ena a m'njira za mpweya.

Achinyamata athu ogwira ntchito m'malo otere adziwe zizindikiro izi: fungo la nsanza yonyowa makina akangoyatsidwa, timadontho takuda pa zipsepse zotulutsira mphepo, madzi odontha m'kati mwa chipinda, ndi chimfine kapena kubanika kumene kumayamba Lolemba kuntchito ndi kuleka Loweruka munthu ali kwawo. Mukaona zotere uzani akuluakulu a pantchito mwaulemu koma mosabisa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sefa iyenera kutsukidwa ndi madzi ndi sopo kamodzi pa mwezi, ndi kuumitsidwa isanabwezedwe. Kapaipi ka madzi kayenera kuonedwa ngati kakudontha kunja, ndipo mmisiri wodziwa ntchitoyi atsuke m'kati mwa makina kamodzi pa chaka. Oyendetsa galimoto azizimitsa choziziritsa patatsala mphindi zochepa kuti afike, ndi kusiya mphepo yokha ikuomba kuti m'kati muume. Kupopera mafuta onunkhira kumangobisa fungo, chuku chili chikhalire.

CHUKU CHA M'NKHOKWE

Chuku chili ndi khomo lachiwiri lolowera m'thupi, ndilo pakamwa, ndipo kwa ife alimi a chimanga ndi mtedza khomo limeneli ndilo lalikulu. Mtundu wotchedwa Aspergillus flavus umakhala m'nthaka. Umagwira mbewu zikadali m'munda, makamaka mvula ikadula mbewu zisanakhwime, ndipo umachuluka tikakolola ndi kusunga zosauma. Ukamakula umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene alibe fungo, saoneka, ndipo saphedwa ndi moto wophikira nsima kapena wokazingira mtedza. Anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil.

Munthu akadya poizoniyu wambiri nthawi imodzi, chiwindi chimaonongeka, maso amachita chikasu, mimba imatupa, ndipo imfa ikhoza kutsatira. M'chaka cha 2004 kum'mawa kwa dziko la Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha m'minda yawo yomwe chimene chinasungidwa chonyowa. Mu 2016 anthu 20 anafa m'zigawo za Dodoma ndi Manyara ku Tanzania. Mu Ogasiti 2024 nduna ya za umoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga choipa, ndipo ufa wa zigayo zina unachotsedwa pa msika. Koma choopsa chimene chimatipeza ambiri ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka. Poizoniyu amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka mwa amene ali kale ndi nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B, ndipo kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wa m'chaka cha 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi kuposa anzawo okula bwino. Amalowanso mu mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe.

Akuluakulu akumbukira zaka zimene mtedza wa Chalimbana wa m'chigawo chapakati unkagulidwa ndi ADMARC ndi kutumizidwa ku Ulaya. Msika umenewo unatsika kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku chomwechi. Koma apa tidzifunse tokha. Tikasankha mtedza, wabwino timapita nawo kumsika. Wofota, wosweka ndi wakuda uja timausiya pakhomo, ndi kuusinja kuti tithire m'ndiwo ndi m'phala la mwana. Chimanga choola timachisakaniza ndi chabwino popita kuchigayo, kapena timachipatsa nkhuku zimene tidzadya tokha. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, enanso kuti ulemere pa sikelo. Motero chimene wogula wachilendo wakana timachipatsa mwana wathu wobala tokha. Kodi Mkhristu angachite zimenezi atadziwa, mtima wake ndi kukhala m'malo?

NANGA TICHITENJI?

Choyamba, titseke njira za madzi dzinja lisanafike. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo nthawi yofolera, yomata mabowo a malata, yokumba ngalande kuzungulira nyumba ndi yokweza chiundo cha khonde kuti madzi asakhudze khoma. Amene mukumanga nyumba ya njerwa musaumire pepala la pulasitiki la pa maziko, ndipo chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotsegula ndi tizibowo ta mpweya.

Chachiwiri, tilole mphepo ndi dzuwa kulowa. M'mawa uliwonse mazenera atsegulidwe, ngakhale kukuzizira. Mphasa, matiresi ndi mabulangeti aziyanikidwa panja dzuwa likangotuluka. Kama ndi kabati zisagunde khoma. Pakhale mpata wolowa dzanja. Zovala zonyowa tiziyanike pakhonde, ndipo tisaike m'sutikesi chovala chimene sichinaume.

Chachitatu, pamene chuku chamera kale tichichotse. Titsegule mazenera, timange kansalu pamphuno ndi pakamwa, ndi kukwecha khoma ndi madzi a sopo, kenaka tilisiye liume. Tisachipale chouma, chifukwa timbewu timauluka m'nyumba monse. Amene agwiritsa ntchito jiki amusungunule ndi madzi, ndipo asamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, pakuti mpweya wake ndi woopsa. Ntchitoyi asagwire munthu wa mphumu kapena wodwaladwala, ndipo ana akhale panja. Makatoni, mphasa ndi matiresi amene avunda atayidwe. Kupaka laimu kapena penti pamwamba pa chuku denga likadali kudontha ndi kutaya ndalama, pakuti mawanga adzabweranso.

Chachinayi, tisamale zokolola. Tikolole pa nthawi yake, ndipo tiyanike pa mphasa, pa thandala kapena pa lona, osati padothi. Pofuna kudziwa ngati chimanga chauma, tithire mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo louma, titseke ndi kukhutchumula; mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Matumba asanjidwe pa mitengo, kutali ndi khoma, ndipo asakhale m'chipinda chogona ana. Matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza, koma pokhapokha mbewu zitauma bwino. Mtedza usawazidwe madzi. Tisankhe ndi manja mbewu zofota, zobooka ndi zosintha mtundu, ndi kuzikwirira pansi. Zisapite m'thobwa, m'nsinjiro kapena m'khola. Kukonola, kupeta ndi kutsuka mphale kumachepetsa poizoni, ngakhale sikumuchotsa yense. Ana onse alandire katemera wawo wa ku sikelo, pakuti kuyambira m'chaka cha 2002 m'katemera wa makanda m'dziko muno muli woteteza ku nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B.

Chachisanu, tisachedwe kupita kuchipatala. Mwana wobanika, wolira m'chifuwa popuma, kapena wotsokomola usiku ndi usiku, apite naye msanga, ndipo makolo afotokozere adokotala m'mene nyumba ilili. Chifuwa chopitirira masabata awiri chiyezedwe. Anthu angapo a banja limodzi akachita chikasu m'maso, aleke kudya ufa umene akudyawo ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

NTCHITO YA MPINGO

M'mudzi uliwonse muli nyumba zimene eni ake sangathe kuzikonza okha: ya mayi wamasiye, ya gogo wolera adzukulu, ya m'bale amene wagona pa mphasa miyezi yambiri. Nthawi zambiri nyumba zodontha kwambiri ndi zomwezo zimene mukugona anthu ofooka kwambiri. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Chigwirizano akamayendera odwala, asangoona nkhope ya wodwala. Aonenso khoma limene wagonako ndi bulangeti limene wafunda. Achinyamata a mpingo akhoza kupatula Loweruka limodzi mu Okutobala kumweta udzu ndi kufolera nyumba ziwiri kapena zitatu. Akulu a mpingo ndi atumiki ayang'anenso nyumba za abusa, za aphunzitsi ndi zipinda zogona ana a sukulu. Ndipo Mkhristu amene ali ndi nyumba ya lendi ku tauni, wokhalamo akamuuza kuti denga likudontha, asayankhe kuti, "Ngati simukufuna tulukani." Akumbukire mwana wa ku Rochdale uja.

Owerenga okondedwa, m'masiku a Mose mwini nyumba sankadikira kuti khoma ligwe. Ankapita kukanena atangoona banga loyamba. Lero madzulo, tisanapemphere pemphero la banja, tiyeni titenge nyali, tisunthe kabati, tiyang'ane pansi pa kama ya ana ndi kununkhiza thumba la mtedza. Chimene tipeze tichikonze mawa lomwe. Ambuye amene anatipatsa ana amenewa atipatsenso nzeru ndi mphamvu zowasungira m'nyumba zouma.